Kugula nyali ya njinga yotchaja ndalama zili zochepa: yambani ndi batire, ma lumens pambuyo

Ine usiku ndimapalasa pafupifupi tsiku ndi tsiku pobwerera kunyumba, ndipo nyali zakutsogolo zomwe zakhalapo pa handulo yanga ndi zinayi, ziwiri mwa izo ndalama zinangolowa mmadzi. Yoyamba ija ndinaigula chifukwa pabokosi panalembedwa 5000 lumens (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala) pomwe mtengo wake unali wotsika zedi, nde mumtima ndinati apa ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ukangoiyatsa imawaladi mpaka kuthobwa mmaso, koma pakatha mphindi 20 kuwala kuja kumayamba kufooka pang'onopang'ono iwe osadziwa, poti maso amazolowera. Tsiku lina pamtsetse tayala lakutsogolo linagwera mdzenje lomwe ndinaliona nditalifika kale, ndinasupuka chigongono ndi bondo, limu inapindika, mtunda wotsala ndinayenda wapansi ndikukankha njinga mumdima. Kuchokera tsiku limenelo ndikamasankha nyali ndimafunsa funso limodzi basi: kodi indiunikira msewu mokwanira kuyambira ponyamuka mpaka kukafika pakhomo? Zomwe ndalemba apazi ndazisanja mmene ndimachitira ineyo pofuna yankho la funso limenelo.

Choyamba, dziwani ulendo wanu musanayang'ane nyali iliyonse

Tengani wotchi kapena foni muone kuti ulendo wanu wausiku umatenga nthawi yaitali bwanji, kupita ndi kubwerera ngati konseko mumayenda kuli mdima. Pa nthawi imeneyo wonjezanipo theka lake, chifukwa pali kuphulika kwa tayala, tcheni kuguluka, mvula yokuchedwetsani, komanso batire likamakalamba limasunga moto wochepa. Ngati mumayenda ola limodzi ndiye kuti mukufuna nyali yokhalitsa ola ndi theka pa mulingo womwe muziyendera. Nambala imeneyi ilembeni penapake, tiibwereranso.

Kenako ganizani za msewu wake. Nyali zilipo za ntchito ziwiri ngakhale ogulitsa amaziunjika pamodzi, ina ndi yoti anthu akuoneni, ina ndi yoti inuyo muone komwe tayala likuponda. Tinyali ting'onoting'ono tija tokulunga pa handulo ndi labala ndi ta ntchito yoyambayo, mumdima weniweni sitionetsa dzenje. Mmene ndaonera ine, m'misewu yokhala ndi magetsi ma lumens enieni 200 mpaka 300 amakwana. Msewu wamdima wokhala ndi maenje ndi miyala pamafunika 400 mpaka 800. Kupitirira 1000 ndi za anthu othamanga m'tinjira ta m'nkhalango ndi m'mapiri, kwa enafe kumeneko n'kungotentha batire ndi ndalama.

Liwiro lanu nalo liwerengereni. Pa makilomita 20 pa ola njinga imadutsa mamita 5.5 pa sekondi iliyonse. Kuti maso aone dzenje, mutu uganize, zala zifinye mabuleki, yapita kale sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka, amenewo ndi mamita ofika 8 musanayambe nkomwe kuima. Pamtsetse mukafika 30 pa ola ndi mamita opitirira 8 pa sekondi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda wobulekera umawirikiza kanayi. Nde nyali younika pafupi ndi tayala pokha siikupulumutsani, mukufuna yoonetsa msewu bwinobwino mamita 15 kapena 20 kutsogolo.

Chachiwiri, nambala ya ma lumens muziikaikira

Lumen ndi muyeso wa kuwala konse kotuluka munyali, kaya kukugwera pamsewu, kaya kukupita m'mitengo, kaya m'maso mwa munthu wobwera kutsogolo. Kuti mukhale ndi poyerekezera, babu la galimoto la halogen la mtundu wa H4 likakhala pa dimu limatulutsa ma lumens pafupifupi 1000 ndipo limadya mawati 55. Ka LED (kababu kakang'ono kotulutsa kuwala) kotchuka m'nyali zotchipa kaja kotchedwa Cree XM-L T6 kamathera cha pa 1000 pomwepo kakapatsidwa mphamvu yonse yomwe kangapirire, pafupifupi mawati 10. Ndiye mukaona kanyali kokhala ndi ka LED kamodzi kotere bokosi lake n'kumati 5000 kapena 10000, musavutike n'kuwerenga zina, amene ananama pa nambala imeneyi wanamanso pa batire.

Nkhani ina ndi kutentha. LED yowala kwambiri imatentha, ndipo ikatentha imafooka komanso imafa msanga, n'chifukwa chake nyali zabwino thupi lake limakhala la aluminiyamu kuti kutentha kuzituluka mphepo ikamaomba. Nyali yapulasitiki yokhayokha yopepuka ngati bokosi la machesi singakhalitse pa ma lumens ambiri. Ngakhale zabwinozo, mulingo wapamwamba uja amaulemba Turbo kapena High nthawi zambiri umagwira mphindi zochepa kenako nyali imadzitsitsa yokha kuti isapse. Nambala yomwe ili yanu ndi ya mulingo wapakati, imeneyo ndi imene muziyendera masiku onse, nde ngati pabokosi kapena pa intaneti alemba nambala imodzi yokha osanena za milingo inayo, ine ndimaisiya.

Mukaona mawu oti ANSI FL1 ndi chizindikiro chabwinoko. Limeneli ndi dongosolo loyezera matochi lomwe linakhazikitsidwa ku America mu 2009, ndiye kampani yolitsata imakhala yayezadi. Komabe dziwani mmene amayezera: kuwala amakuyeza pakati pa masekondi 30 ndi mphindi ziwiri nyali itangoyatsidwa, ndipo nthawi yokhalitsa amawerenga mpaka kuwala kutatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10 a kuwala koyamba. Kutanthauza kuti nyali ya 600 yolembedwa maola atatu ikhoza kukhala ikutulutsa 60 okha chakumapeto, pepala osanama, koma inu pamsewu muli mumdima. Makampani ena amaika chithunzi cha mzere woonetsa mmene kuwala kumatsikira nthawi ikamapita, mzerewo ukakhala wogona mpaka chakumapeto ndiye nyali yake imeneyo.

Chachitatu, chitani masamu a batire, apa ndiye pagona nkhani

Masamu ake ndi osavuta ndipo akhoza kukupulumutsirani ndalama zonse. Batire la lithium la m'nyali zambiri limakhala la mavoti 3.7, kukula kwake amalemba mu mAh. Mukachulukitsa mAh ndi 3.7 n'kugawa ndi 1000 mumapeza mphamvu yonse yomwe ili mkatimo, imene amailemba Wh. Batire la 2600 mAh limapereka 9.6 Wh. Tsopano nyali wamba ya LED, mukachotsa zotayika mu galasi ndi mu waya, imatulutsa ma lumens pafupifupi 100 pa wati iliyonse. Ndiye ma lumens 400 akudya mawati 4, batire lija likhala maola awiri ndi mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono. Ma lumens 800 akudya mawati 8, ola limodzi ndi mphindi zochepa latha.

Kuti musavutike mutaima pamalo ogulira, chidule chake ndi ichi: mAh kuchulukitsa ndi 0.37, kugawa ndi ma lumens, yankho ndi maola. Yesani pa nyali yolembedwa 1200 mAh, 1000 lumens, maola anayi. 1200 kuchulukitsa 0.37 ndi 444, kugawa ndi 1000 sipakukwana ngakhale theka la ola. Ndiye pa nambala zitatuzo ina ndi yabodza, kawirikawiri ma lumens aja, nyaliyo mwina ikutulutsa 200 kapena kuchepera. Ya 5000 yanga ija ikanakhala yoona bwenzi ikudya mawati 50, batire limodzi la 2600 mAh likutha pa mphindi 12 thupi lake likuotcha dzanja. Ma LED atsopano akamayaka pa mulingo wotsika amapitirira 100 pa wati, nde yankho lanu likasiyana pang'ono ndi la pabokosi musadandaule, koma likasiyana kawiri kapena katatu pali chinyengo. Zindikiraninso kuti nyali zina zokhala ndi batire lapadera lomangirira pa fulemu zimakhala za mavoti 7.4, pamenepo muchulukitse ndi 0.74.

Tsopano bwererani ku nambala munalemba ija. Mukufuna ola ndi theka pa ma lumens 500, ndiye kuti 500 kuchulukitsa 1.5 ndi 750, kugawa ndi 0.37 tikupeza mAh opitirira pang'ono 2000. Nyali iliyonse ya batire lochepera pamenepo yagwa kale mayeso ngakhale ikongole bwanji. Ine ndimakonda kuyambira 2500 kupita mmwamba kuti ndisamatchaje tsiku lililonse.

Ma mAh nawo amanamizidwa, eti. Batire lozungulira lotchedwa 18650, dzinalo likuchokera pa kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba ndi 65 kutalika, lenileni lochokera ku makampani ngati Samsung, LG kapena Panasonic limathera cha pa 3500 mAh. Mukaona 18650 yolembedwa 6000 kapena 9900 mAh ndi feki, ndipo zoterezi mkati mumakhala moto wochepa kwambiri kuposa lenileni la 2000. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45, lafeki ukalinyamula limapepuka moonekeratu. Pali lina lokulirapo la 21700 lomwe limafika cha pa 5000 mAh. Nde yang'anani kukula kwa nyaliyo ndi maso anu, ngati thupi lake ndi laling'ono loti 18650 imodzi singakwanemo bwino koma alemba 5000 mAh, mwadziwa kale.

Funso lomaliza pa batire: kodi limachoka kapena analimatira mkati? Mabatire a lithium amayamba kufooka moonekera akatchajidwa maulendo 300 mpaka 500. Lomatira likafa nyali yonse yafa pokhapokha mutadziwa kuisegula ndi kuotcherera, pomwe yotsegula kumbuyo mumangogula batire lina, komanso mukhoza kuyenda ndi lapadera. Kwa munthu wa ndalama zochepa ine ndimaona kuti yochotsa batire imapindula pakapita zaka, koma batire lapaderalo muzilisunga mukabokosi kake kapulasitiki, likakhudzana ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo m'thumba limachita shoti n'kupsa.

Chachinayi, onani komwe kuwala kukugwera

Nyali yanga yachiwiri inali yoona pa ma lumens koma kuwala kwake kunali ngati kwa tochi, kadontho kowala kwambiri pakati m'mbali muli bii. Maso amazolowera kadontho kaja nde china chilichonse kunja kwake sumachiona, pokhota umalowa mumdima, galu kapena munthu wochokera m'mbali umamuona wafika kale. Ndiye mukapeza mpata iyatseni moloza pakhoma kapena pansi. Yabwino imayala kuwala mopingasa, kokwanira msewu wonse ndi m'mphepete mwake, kopanda mabwalo akuda pakati, ndipo kumazilala pang'onopang'ono chakunja. Galasi lokhala ndi timizere kapena looneka ngati lachifunga limathandiza kumwaza kuwala, pomwe nyali zokoka kutsogolo zija zoti zoom zimataya kuwala kwambiri komanso zimalowa madzi.

Zabwino koposa pamsewu wodutsa magalimoto ndi anthu ndi zodula kuwala pamwamba, monga imachitira dimu ya galimoto. Ukaloza pakhoma umaona mzere wopingasa, pansi pake powala pamwamba pake mdima. Ku Germany malamulo apamsewu otchedwa StVZO amafuna nyali zotere, ndipo yovomerezeka imakhala ndi chizindikiro cha kamzere kokhotakhota kotsatana ndi chilembo K ndi nambala. Nyali zimenezi kawirikawiri salemba ma lumens, amalemba ma lux, womwe ndi muyeso wa kuwala kogwera pamalo, ndipo amayeza pa mtunda wa mamita 10. Lamulo lawolo limayambira pa 10 lux, koma kwa ine 30 kapena 40 ndi ya m'tauni, msewu wamdima ndimafuna 60 kupita mmwamba. Ubwino wake kwa ife a bajeti yochepa ndi woti kuwala konse kukupita pansi, nde nyali yotere ya ma lumens 300 imaonetsa msewu ngati yozungulira ya ma lumens ochuluka kuposa pamenepo, batire n'kumakhalitsa. Komanso woyendetsa galimoto amene mwamuthobwa m'maso sakuonani bwino inuyo, amangoona chiwalo choyera osadziwa kuti muli pati, ngozi yake ndi yanu yomwe.

Ngati ulendo wanu uli ndi nthambi zolendewera kapena tinjira tokhotakhota m'tchire, yodula pamwamba imabisa nthambi, pamenepo yozungulira ndiye yabwino.

Mtundu wa kuwala nawo uli ndi ntchito. Koyera mobiriwira ngati mtambo, kuja amalemba 6500K kapena kuposa (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), kumaoneka kowala kwambiri m'sitolo koma mufumbi, mumvula ndi muchifunga kumabwerera m'maso ndipo kumatopetsa. Kwa 4000K mpaka 5000K maenje ndi mchenga zimaoneka bwino. Zotchipa zambiri ndi zobiriwirazo, nde musakane nyali yabwino chifukwa cha ichi chokha, koma zikakhala ziwiri zofanana tengani yoyera mofiirira pang'ono.

Chachisanu, chomangira

Ambiri sachiyang'ana nkomwe koma ndi chimene chimayamba kuthyoka. Nyali yolemera yomangidwa ndi kalabala kopyapyala ukangogunda bampu imawerama n'kumaunika tayala, iwe dzanja limodzi kumangoikonza, pamsewu wamaenje zimenezo ndi zoopsa. Chomangira cholimba ndi cha bawuti kapena chokhala ndi kotsekera kofinya, labala ikhale yokhuthala ngati mwasankha ya labala. Ikani nyali m'chomangiramo muigwedeze, isamachite gwedegwede, ndipo muone kuti ikuchoka mosavuta mukadina kotulutsira, poti nyali yosiya panjinga poimika imapita ndi anthu. Funsaninso ngati chomangiracho chimagulitsidwa pachokha. Nyali zokwana pa zomangira za mtundu wa makamera a GoPro kapena zida za GPS za Garmin zili ndi mwayi chifukwa zimenezo zimapezeka paliponse.

Yezani handulo yanu musanagule. Zambiri ndi mamilimita 22.2, 25.4 kapena 31.8 m'mimba. Kulungani ulusi pomwe mukufuna kuika nyali kenako muuyeze pa lula: masentimita 7 ndi 22.2, masentimita 8 ndi 25.4, masentimita 10 ndi 31.8. Chomangira chikakula, kachidutswa ka chubu chakale kokulunga pansi pake kamagwira bwino kuposa tepi, ndipo nyali siizungulira.

Ngati ndalama zavuta kwenikweni, tochi yabwino ya 18650 ndi chomangira chake cha pa handulo ndi njira yomwe ine ndaigwiritsapo ntchito miyezi yambiri, bola muiweramitse kwambiri poti kuwala kwake ndi kozungulira.

Chachisanu ndi chimodzi, madzi, potchajira ndi batani

Apa tidutsepo mwachangu. Yang'anani zilembo IP, zomwe zimaonetsa mmene nyali imapiririra madzi ndi fumbi. IPX4 imapirira madzi owazika kuchokera mbali zonse, imeneyo ndiye poyambira, IPX5 ndi IPX6 zimapirira madzi opopera mwamphamvu, IPX7 ikhoza kumira mita imodzi kwa mphindi 30. Pamalo pa X pakakhala 6 ndiye kuti fumbi sililowa. Mawu oti waterproof opanda nambala alibe tanthauzo. Kachivindikiro ka labala ka potchajira kakhale kothina, ndi pamenepo madzi amalowera, makamaka potchajirapo pakakhala kumunsi komwe tayala limawazira matope.

Potchajira pa USB-C ndi pabwino kuposa micro USB chifukwa ndi polimba ndipo chingwe chake ndi chomwecho cha mafoni ambiri atsopano. Kungoti nyali zina zotchipa za USB-C sizitchaja ndi chingwe chokhala ndi C mbali zonse, zimafuna chokhala ndi mutu waukulu uja wa USB-A mbali ina, nde ikakana musathamangire kuti yafa. Funsaninso ngati imayaka ili pa pawabanki, zina zimatero zina ayi, pa ulendo wautali zimathandiza. Batire la 2600 mAh limadzadza pa maola atatu ngati nyali ikukoka ampu imodzi, ikamakoka theka ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi.

Pakhale kagetsi koonetsa moto wotsala, madontho anayi kapena manambala, chifukwa kongofiira batire litatsala pang'ono kutha kamakuuzani mochedwa. Dinani batani muone kasinthidwe kake. Pali nyali zoti kuchoka pa mulingo wotsika kubwerera wapamwamba uyenera kudutsa pa kuphethira ndi kuzima, tangoganizani kuzima sekondi imodzi muli pamtsetse. Yabwino imazima pokhapokha mutadinikiza batani kwa kanthawi, ndipo imakumbukira mulingo womwe munasiyira.

Mwagula, tsopano iyeseni kunyumba nthawi yobweza isanathe

Sungani risiti ndi bokosi. Itchajeni mpaka idzadze, iikeni patebulo moloza kukhoma usiku magetsi atazima, pa mulingo womwe muziyendera, ndipo pakhale fani kapena mphepo yoiomba chifukwa nyali za njinga zinapangidwa kuti zizizizira ndi mphepo yapamsewu. Maso okha akunamizani, kamera ya foni nayo imadzisintha yokha, nde ikani pa foni ka app koyeza ma lux, muziika foniyo pamalo amodzimodzi mita imodzi kapena awiri kuchokera pa nyali n'kumalemba nambala mphindi 15 zilizonse. Nambalazo sizolondola kwenikweni koma zikuonetsani katsikidwe kake. Ikatsika kufika theka nthawi ya ulendo wanu isanakwane, nyaliyo si yanu, ibwezeni. Muigwirenso, kufunda n'kwabwinobwino pa ya aluminiyamu, koma fungo la pulasitiki yopsa ayi.

Gwedezani dzanja mwachangu kutsogolo kwake pa mulingo wotsika. Mukaona zala zikuoneka zambirimbiri ndiye kuti nyaliyo ikuphethira mwachangu mosaoneka, ena zimawapweteketsa mutu makamaka mumvula.

Kumanga ndi kuloza

Imitsani njinga pamalo athyathyathya mamita 5 kuchokera pakhoma. Yezani kutalika kwa nyali kuchokera pansi, tinene mita imodzi, nde pakati pa kuwala pagwere pa theka la kutalikako pakhomapo. Mukatero pakati pa kuwala padzagwera pamsewu mamita 10 kutsogolo, kotsalako kumapitirirabe. Othamanga akhoza kukwezako pang'ono. Ikakhala yodula pamwamba, mzere uja ukhale pansi pa kutalika kwa nyaliyo, ndipo musaimange chadodolido pansi pa handulo pokhapokha inapangidwira zimenezo, apo ayi kuwala konse kupita m'maso mwa anthu msewu uli mdima. Mukamaliza tsamiritsani njinga, yendani mapazi 20 kutsogolo, tembenukani muwerame pang'ono ngati muli m'galimoto yaing'ono. Ikakuthobwani itsitseni. Onaninso kuti mawaya a mabuleki, basiketi kapena katundu wakutsogolo sizikutchinga.

Kuphethira kusiyireni masana. Usiku oyendetsa magalimoto amavutika kudziwa mtunda womwe muli ikamaphethira, inunso msewu simuuona bwino, ndipo ku Germany nyali zophethira zomangidwa panjinga n'zoletsedwa. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma pangano la ku Vienna la 1968 la malamulo apamsewu, lomwe mayiko ambiri anatengerako, limati njinga ikhale ndi nyali yoyera kapena yachikasu kutsogolo, yofiira kumbuyo, ndi chonyezimira chofiira kumbuyo. Nde ndalama zanu musathere kutsogolo kokha. Ine ndimaika magawo awiri mwa atatu pa yakutsogolo, lotsalalo pa yofiira yakumbuyo yotchaja, poti galimoto yochokera kumbuyo simuiona ndipo palibe chomwe mungachite ngati sinakuoneni.

Kasamalidwe kuti ikhalitse

Batire la lithium limadana ndi kutentha, musasiye nyali panjinga padzuwa tsiku lonse kapena m'galimoto yotseka. Mukafika ilekeni izizire kaye musanailumikize, ndipo ngati yanyowa pukutani potchajira mpaka pauma. Muzitchajira pamalo olimba osagwira moto msanga, osati pabedi kapena pansi pa pilo, ndipo nyali yatsopano maulendo oyamba muzitchaja muli maso. Kumalo kozizira mpaka madzi kuundana musatchaje batire likadali lozizira choncho, lilowe m'nyumba lifunde kaye. Musazolowere kuiyendetsa mpaka kuzimiratu, kutchaja pafupipafupi batire la mtundu uwu sikuliononga. Mukakhala kuti simuigwiritsa ntchito miyezi, isungeni ili ndi moto wa theka n'kumaionjezera pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Batire likatupa, likayamba kutentha modabwitsa potchaja kapena kununkha, lekani pomwepo, musalibowole kapena kuliponya pamoto, kalisiyeni komwe amalandira mabatire akutha.

Galasi muzilipukuta ndi kansalu konyowa, matope ouma amadya kuwala kwambiri kuposa mmene mungaganizire, ndipo bawuti ya chomangira muziifinya sabata iliyonse. Mchikwama mwanga mumakhala kanyali kena kakang'ono kotchajiratu, sikounikira msewu mothamanga ayi, koma tsiku lomwe yaikulu yandithera panjira ndimakamanga pa handulo, kutsitsa liwiro, n'kupalasa pang'onopang'ono mpaka kukafika.